Rauta ikumangoduka madzulo aliwonse, ndithandizeni abale

Amake Mapasa, Chilenje: Mwaswera bwanji nonse apagulu. Ndili ndi vuto limene landisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano. Rauta yathu, kabokosi kotipatsa Wi-Fi m'nyumba, ija yoikamo simu khadi, ikumangoduka. Masana imagwira bwinobwino, ndimalandira maoda a zosoka pa WhatsApp popanda chovuta. Koma ikangokwana 18 kapena 19 hours, basi yayamba. Mwana wanga wamkulu amaphunzira pa intaneti madzulo, ndipo dzulo yamudukira kanayi aphunzitsi ali mkati mofotokoza. Mpaka analira mwanayo. Bandulo ilipo yambiri, ndayang'ana. Kuzimitsa n'kuyatsanso ndachita kosawerengeka. Kodi ndigule ina? Ndalama yake pakali pano ndi yovuta.

Tsibweni, Matero: Taswera mayi, kaya inu. Pepani ndi vutolo. Musathamangire kugula, pagulu pano pali ana athu odziwa za zimenezi. A Wamawaya, muli pafupi?

Mnyamata wa ku Kalingalinga: Mayi, ndi netiweki imeneyo. Madzulo aliyense ali pa foni, nsanja imadzaza. Sinthani simu khadi muike ya kampani ina, nkhani yatha.

Aphunzitsi, Chelstone: Kwathunso zimachitika chimodzimodzi, makamaka cha m'ma 20 hours. Ine ndinangozolowera. Ndimalemba mayeso a ana m'mamawa, netiweki ikadali yopepuka.

Wamawaya, Kabwata: Ndilipo amalume, ndinali padenga la munthu. Amake Mapasa, musanasinthe chilichonse, ndiyankheni funso limodzi lokha. Ikaduka, dzina la Wi-Fi yanu limasowa pa foni, kapena limakhalapo koma zinthu n'kumakana kutsekuka? Ndikufunsa chifukwa intaneti ya m'nyumba ili ndi malo atatu pamene ingadukire: pakati pa foni ndi rauta, mkati mwa rauta momwemo, ndi pakati pa rauta ndi nsanja. Onsewa kwa inu amaoneka ngati vuto limodzi, koma mankhwala ake ndi osiyana. Lero madzulo ikaduka musaigwire. Khalani pafupi nayo muyang'ane timagetsi take, wina ayang'ane pa foni.

Amake Mapasa, Chilenje: Zimenezo sindinaziganizirepo, achimwene. Ine ikangoduka ndimathamangira kukazula pa soketi. Lero ndiyang'anitsitsa.

Mlongo wa ku Avondale: Mwina ndi ma Wi-Fi a anthu oyandikana nawo. Ife tili m'mafulati, ukatsekula foni umaona maina oposa khumi. Mphwanga anasintha chinachake mkati mwa rauta ndipo zinasintha kwambiri.

Wamawaya, Kabwata: Chimene anasintha ndi tchanelo, mlongo. Wi-Fi ya 2.4 GHz ili ndi matchanelo angapo, koma amene salowererana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11. Marauta a m'mafulati akaunjikana pa tchanelo imodzi amasokonezana ngati anthu olankhula nthawi imodzi m'basi. Ngakhale microwave imagwira ntchito pafupi ndi 2.4 GHz pomwepo, ikayatsidwa Wi-Fi imafooka. Ya 5 GHz ilibe phokoso lotere, koma siboola bwino makoma a mabuloko. Zonsezi n'zoona, koma tiyeni tidikire kaye zimene mayi aone.

Amake Mapasa, Chilenje: Yaduka tsopano lino, 19:10. Ndinali pomwepo. Timagetsi tonse tinazima kamodzi, kenako kanayaka kamodzi kokha, kenako tina n'kumabwera kamodzikamodzi. Pa foni ya mwana dzina la Wi-Fi linasoweratu. Zatenga mphindi ziwiri kapena kuposerapo kuti ibwerere. Magetsi a m'nyumba sanaphethire n'komwe, TV imaonetsa bwinobwino.

Wamawaya, Kabwata: Mwatithandiza kwambiri mayi. Imeneyo si netiweki. Nsanja ikadzaza, rauta imakhala yoyaka, dzina limaoneka pa foni, kungoti zinthu zimayenda mwaulesi kapena kuima. Yanuyo ikuzima yokha n'kuyakanso yokha. Mukanasintha simu khadi mukanangotaya ndalama.

Kuti titsimikize, itembenuzeni. Pansi pali kapepala kolembedwa manambala onga 192.168.8.1 kapena 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, pamodzi ndi dzina ndi pasiwedi yolowera. Mwana alembe manambalawo pamene amalemba adiresi ya webusaiti. Akalowa afufuze pamene palembedwa kutalika kwa nthawi imene rauta yakhala ikuyaka, ambiri amalemba uptime kapena connection time. Andiuze zimene aone.

Mnyamata wa ku Kalingalinga: Koma nanga bwanji madzulo okhaokha? Rauta imadziwa nthawi?

Wamawaya, Kabwata: Funso labwino limenelo mphwanga, lisungeni, tibwererako.

Amake Mapasa, Chilenje: Walowa. Akuti palembedwa mphindi 23.

Wamawaya, Kabwata: Ndiye kuti inayambiranso mphindi 23 zapitazo, monga munaonera. Rauta yozima yokha nthawi zambiri imakhala ndi chimodzi mwa zitatu: yatentha, magetsi olowa sakukwanira, kapena pulogalamu yake ya mkati yasokonekera. Tiyambe ndi chosalira ndalama. Mwaiika pati?

Amake Mapasa, Chilenje: Ili mu kabati ya TV, pamwamba pa dikoda. Ndinaifunditsa kansalu koluka chifukwa cha fumbi, mukudziwa fumbi la kuno nyengo ino.

Tsibweni, Matero: Aaa mayi, mwezi uno wa Okutobala ndi kutentha kumeneku! Ngakhale munthu mutamufunditsa bulangete n'kumukhazika pambali pa mbaula angakomoke.

Wamawaya, Kabwata: Amalume anena zoona. Dikoda imatulutsa kutentha kwake, ndipo madzulo ndi pamene imakhala yoyaka nthawi yaitali. Rauta ilibe fani, imapumira m'timabowo ta m'mbali ndi pansi, ndiye kansaluko kakuitseka mphuno. Ichotseni mu kabati, muiike pamalo okwera pamene pakupita mphepo, kutali ndi dikoda, ndipo isawombedwe ndi dzuwa. Fumbi muzingolipukuta ndi kansalu kouma. Mawa mutiuze.

Aphunzitsi, Chelstone: A Wamawaya, poti mwafotokoza chonchi, yanga ndi yosiyana. Dzina silisowa, timagetsi sitizima. Kungoti pa foni pamabwera kachizindikiro kofuula pambali pa Wi-Fi, ndipo ka netiweki pa rauta kamasintha mtundu.

Wamawaya, Kabwata: Yanuyo aphunzitsi ndiye ya pakati pa rauta ndi nsanja. Lowani momwe walowa mwana wa mayiyu, mufufuze nambala yotchedwa RSRP, yosonyeza mphamvu ya netiweki yochokera ku nsanja. Imakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo. Ikakhala cha m'ma -80 kapena -90 zili bwino, ikafika -110 kunka m'munsi ndiye kuti rauta ikumva nsanja movutikira. Timizere tija timaoneka kunja kwa rauta sitinena zonse. Nyamulani rauta muyese pawindo lililonse la nyumba, mukudikira mphindi imodzi pamalo aliwonse n'kuwerenga nambalayo. Denga la malata ndi makoma a mabuloko zimatchinga kwambiri, ndipo nthawi zina kusuntha mamita awiri okha kumasintha zinthu.

Pali chinanso. Magetsi akazima kwa maola ambiri m'dera, nsanja zina zimadalira mabatire kapena jenereta. Imodzi ikatha mphamvu, mafoni ndi marauta onse amathamangira ku nsanja ina yakutali. Mukumbukira mu 2024, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba chifukwa cha chilala, mmene netiweki inkasowera limodzi ndi magetsi? Chimenecho simungachikonze muli m'nyumba mwanu.

Aphunzitsi, Chelstone: Ndayesa. Pamene imakhala nthawi zonse, pakona ya pabalaza, ndi -112. Pawindo la kuchipinda cha ana ndi -97. Zaka ziwiri ndakhala ndikudandaula, kusiyana kwake kuli mkati mwa nyumba yanga yomwe. Ndikhomera kashelefu pamenepo Loweruka.

Mlongo wa ku Avondale: Poti tikuphunzira, nanenso ndinene zanga, mwina zithandiza amene intaneti yawo imabwera pa chingwe cha faiba. Chaka chatha intaneti inkaduka kwathu, kagetsi kolembedwa LOS n'kumaphethira mofiira pa kabokosi ka kukhoma. Ndinaimbira kampani kambirimbiri, ndinakwiya, mpaka ndinkafuna kukadandaula ku ZICTA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti kuno ku Zambia. Atabwera mnyamata wawo anapeza kuti kachingwe kopyapyala kaja kanapindika kumbuyo kwa sofa, tinakapanikiza tokha tikusuntha mipando. Anangodula n'kulumikizanso.

Wamawaya, Kabwata: Eya, mkati mwa kachingwe kameneko muli galasi lopyapyala ngati tsitsi, ndipo mumadutsa kuwala. Mukakapinda ngati waya wa ayironi kuwala kumatayika. LOS yofiira imatanthauza kuti kuwala sikukufika. Musakakoke, musakamange mfundo, ndipo musasuzumire kumapeto kwake ndi diso. Kukadandaula ku ZICTA ndi ufulu wanu kampani ikalephera kukuthandizani, koma yambani mwalemba masiku ndi nthawi zimene yaduka, ndi nambala ya dandaulo imene akupatsani.

Amake Mapasa, Chilenje: Mwadzuka bwanji abale. Ndabwera ndi lipoti la dzulo. Ndinaichotsa mu kabati, ili pamwamba pa shelefu pafupi ndi windo, kansalu ndachotsa. Poigwira sikutenthanso ngati kale. Koma yadukabe kawiri, 19:25 ndi 20:40, mwa njira yomwe ija, timagetsi tonse kuzima. Kwachepako, koma sikunathe. Mtima wanga wagwa, ndimayesa tapeza.

Mnyamata wa ku Kalingalinga: Ndiye yatha ntchito imeneyo mayi. Zinthu izi sizikhalitsa. Ngati mungathe sonkhanani ndi anthu oyandikana nawo mugule Starlink, intaneti ya pa satelayiti ija, inafika kuno mu 2023, anthu ambiri akuiyamikira.

Tsibweni, Matero: Mphwanga, mayiwa anena kale kuti ndalama ndi yovuta, ndipo mwana ali pasukulu. Tiwathandize ndi chimene ali nacho m'manja.

Wamawaya, Kabwata: Mayi musataye mtima, tachotsa chimodzi, tatsala ndi ziwiri. Ndipo rauta yakufa sigwira tsiku lonse n'kudzafooka madzulo okha. Tsopano tiyang'ane magetsi. Nthawi imene yadukayo munali pa magetsi a mumsewu kapena pa inveta? Ndipo pa ekisitenshoni imene rauta yalumikizidwa pali chiyani china?

Amake Mapasa, Chilenje: Tinali pa magetsi a mumsewu. Inveta tili nayo yaing'ono, tinagula nthawi ya load shedding yoopsa ija, koma dzulo sinagwire ntchito. Pa ekisitenshoni pali TV, dikoda ndi rauta basi. Filiji ili kukhitchini payokha.

Wamawaya, Kabwata: Chabwino. Tsopano zulani adaputa ya rauta, kabokosi kakuda kaja kolowa pa soketi. Pali timalemba tating'onoting'ono. Pezani pamene palembedwa OUTPUT mundiwerengere. Kenako pansi pa rauta pezani pamene palembedwa INPUT kapena POWER mundiwerengerenso. Ngati maso akuvuta jambulani ndi foni mukulitse.

Amake Mapasa, Chilenje: Pa adaputa: 12V 1A. Pansi pa rauta: 12V 2A. Kodi n'zosiyana kwambiri? 12 ali ponseponse.

Wamawaya, Kabwata: Mayi, adaputa imeneyo si imene inabwera ndi rauta. Funsani m'nyumbamo.

Amake Mapasa, Chilenje: Ndawaimbira abambo a mapasa kuntchito. Akuti n'zoona. Mwezi watha ine ndili ku Katete kumaliro a azakhali, magetsi anabwerera usiku ndipo adaputa yeniyeni inapsa, inkanunkha. Iwo anapeza ina m'dirowa ya zinthu zakale, inalowa bwinobwino pakabowo, rauta n'kuyaka. Anaona ngati nkhani yatha, n'chifukwa chake sanandiuze. Ndikawerenga masiku, vutoli linayamba nditangobwerako.

Wamawaya, Kabwata: Tapeza. Abambowo sanalakwe kwenikweni, aliyense akanachita chomwecho, chifukwa kunja ma adaputa amafanana ndipo rauta imayakadi. Ndifotokoze bwinobwino chifukwa ichi ndi chimene ndimakumana nacho kawirikawiri m'nyumba za anthu kuyambira pamene magetsi anayamba kuzimazima.

V ndi mphamvu yokankha magetsi, A ndi kuchuluka kwa magetsi amene adaputa ingathe kupereka. Ganizirani thanki ya madzi pabwalo. V ndi kutalika kwa sitandi, A ndi kukula kwa paipi. Sitandi yanu ndi yokwanira, koma paipi ndi theka la imene nyumba imafuna. Mukatsekula mpopi umodzi madzi amatuluka bwino. Mukatsekula wa kubafa, wa kukhitchini ndi wa panja nthawi imodzi, onse amangodontha.

Apa ndi pamene pali yankho la funso la mphwanga wa ku Kalingalinga lija. Rauta sidziwa nthawi, koma sidya magetsi mofanana tsiku lonse. Masana muli nokha ndi WhatsApp yanu, ikudya pang'ono, 1A ikukwanira. Madzulo abambo abwera ndi foni yawo, mapasa ali pa makatuni, wamkulu watsekula kamera ya kalasi. Kalasi ya pa vidiyo imatumiza zithunzi kupita ku nsanja mosalekeza, ndipo kutumiza ndi kumene kumadya magetsi ambiri mu rauta ya simu khadi. Ikapempha zoposa zimene adaputa ingapereke, 12V ija imagwa, rauta n'kuzima. Ikazima katundu wachoka, adaputa yapuma, n'kuyakanso. Kutentha kwa mu kabati kunkangowonjezera pa vuto limene linalipo kale, n'chifukwa chake dzulo kunachepa koma osatha.

Mnyamata wa ku Kalingalinga: Ndagonja achimwene, ndinafulumira. Koma yanga adaputa ndi 12V 1A ndipo siduka.

Wamawaya, Kabwata: Tembenuzani rauta yanu, mupeza kuti nayo yalembedwa 1A. Marauta amasiyana. Chofunika ndi chimene chalembedwa pansi pa yanu.

Mayi, pokagula kumbukirani zinayi. V ikhale 12 ndendende, osaposa osachepa. Musayese chaja ya laputopu ngakhale italowa, zambiri ndi 19V ndipo ingaotche rauta nthawi yomweyo. A ikhale 2 kapena kuposa, 3A ilibe vuto chifukwa rauta imangotenga zimene ikufuna. Chachitatu, pali kachithunzi kakang'ono ka + ndi – kosonyeza kuti pakati pa kamutu ndi + kapena ndi –. Marauta ambiri pakati ndi +, koma yerekezani ndi chimene chili pa rauta yanu. Chachinayi ndi kukula kwa kamutuko, kasamagwedere m'kabowo, chifukwa kogwedera nakonso kamazimitsa rauta wina akangogunda tebulo. Nyamulani rauta yomweyo popita, kaya ku Town Centre kaya ku Kamwala, akayese muli pomwepo.

Mlongo wa ku Avondale: Ndipo samalani ndi zopepuka ngati mulibe kanthu mkati. Pena amalemba 2A pamwamba koma mphamvu yake si imeneyo. Ine ndimainyamula m'manja kaye, ndipo ndimafunsa ngati ndingabweze ikakanika.

Aphunzitsi, Chelstone: Nanga kuti ina isadzapsenso?

Wamawaya, Kabwata: Nthawi yoopsa ndi pamene magetsi akubwerera. Akazima, zimitsani pa soketi ya kukhoma, akabwera dikirani mphindi zingapo musanayatse. Ndikudziwa kuti usiku munthu uli m'tulo sungathe, ndiye kabokosi koteteza kaja timaika pa filiji ndi TV, kamene kamadikira kaye kasanalole magetsi kudutsa, n'kothandiza pa rauta pomwe. Mayi, musanawononge ndalama, ndili ndi adaputa ya 12V 2A yabwinobwino m'chikwama changa cha zida. Mawa ndikugwira ntchito ku Libala, si patali ndi kwanu. Mwana adzaitenge, muiyese masiku atatu. Ikakhala kuti ndi yomweyo mukagule yanu mukudziwa chimene mukugula. Ikadukabe, titsala ndi pulogalamu ya mkati, tidzaibwezeretsa mwatsopano limodzi. Koma musadine kabatani ka reset panokha musanalembe zonse zimene zili mkatimo.

Amake Mapasa, Chilenje: Zikomo kwambiri achimwene, Mulungu akudalitseni. Ndikutumizirani nambala ya mwana kumbali. Nanga lero madzulo tichite bwanji? Ali ndi kalasi ina 19 hours.

Wamawaya, Kabwata: Lero chepetsani katundu. Nthawi ya kalasi pa Wi-Fi pakhale laputopu yake yokha, mafoni ena onse achoke, mapasa aonere TV. Ngati aphunzitsi ake alola, azimitse kamera azingomvetsera. Ikapirira lero chonchi, umenewo ukhala umboni winanso.

Amake Mapasa, Chilenje: 21 hours tsopano. Tinachita monga munanenera, sinaduke ngakhale kamodzi. Kalasi yonse wamaliza.

Tsibweni, Matero: Tayamika. A Wamawaya, zimene mwalemba za V ndi A zija ndazisunga, ndikufuna ndikayang'ane pa rauta ya kutchalitchi, nayonso imachita zomwezi tikamaonetsa mapemphero pa Facebook.

Amake Mapasa, Chilenje: Abale, ndabweranso patatha masiku atatu monga tinapanganira. Chiikireni adaputa ya a Wamawaya, tonse tili pa Wi-Fi madzulo, kamera yoyatsa, mapasa pa makatuni awo, palibe kuduka. Ndisanaizule lero, mwana analowa kuja kwa manambala, panalembedwa masiku 2 ndi maola 19. Akanakhala masiku atatu athunthu, koma Lachinayi magetsi anazima ndipo inayambiranso pamene timasinthira ku inveta. Lero ndapita m'tauni ndi rauta m'chikwama, ndagula yanga ya 12V 2A, anaiyesa ndikuona. Yanu achimwene mwana abweretsa mawa pamodzi ndi chitenje chimene ndasokera akazi anu, musakane. Ya 1A ija ndaimata kapepala ndalembapo kuti si ya rauta.

Funso lomaliza: kuduka kwa posinthira ku inveta kuja kuli ndi mankhwala? Mayeso ake ayamba mwezi wamawa ndipo ena amalembera pa intaneti.

Wamawaya, Kabwata: Chitenje ndalandira ndi manja awiri mayi, zikomo. Mankhwala alipo. Kuli timabokosi ta batire totchedwa mini UPS, timakhala pakati pa soketi ndi rauta, magetsi akazima rauta siphethira n'komwe ndipo imapitirira kwa maola angapo malinga ndi kukula kwa batire. Malamulo ake ndi omwe aja: potulukira pakhale 12V, ndipo pathe kupereka 2A. Tambiri timakhala ndi mabowo a 5V, 9V ndi 12V kapena kabatani kosankhira, ndiye onetsetsani kuti mwaika pa 12. Mukakapeza kamene mwakakonda, jambulani malemba a kumbuyo kwake munditumizire musanalipire.